Pantoni ya pa Liwonde ndi Minda ya Fodya ya ku Kasungu

Mwezi wa Febuluwale pa chidikha cha Kasungu ndi mwezi wa ntchito yosapumira. Fodya amakhala atayamba kucha masamba apansi, ndipo kukangoti mbee, amuna, akazi ndi ana omwe amalowa m'mizere kukathyola. Masana ndi kusoka, madzulo ndi kupachika m'zigafa, pamene m'mabani a fodya wootcha moto suzima usiku wonse. Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe, akangooloka Bua n'kudutsa pa Chinkhoma, amaona zigafa mbali zonse ziwiri kufikira ku Chatoloma ndi ku Nkhamenya. Mwa anthu ogwira ntchito yotopetsayi ndi ochepa amene angaganize kuti mbiri ya minda imene akuthyolamo ikukhudzana ndi zimene zinachitika usiku wina wa Febuluwale mu 1965, kutali kummwera, pa doko la mtsinje wa Shire pa Liwonde. Komatu ikukhudzana ndithu.

Maiko ena anaonapo mtsogoleri wao akukwezedwa ndege zigawenga zili pakhomo. Ku Haiti, pa 29 Febuluwale 2004, pamene magulu a mfuti anali kuyandikira likulu la Port-au-Prince, Pulezidenti Jean-Bertrand Aristide anatengedwa pa ndege ya Amereka n'kukatsitsidwa ku Bangui m'dziko la Central African Republic. Boma la Amereka linati iwo anatula pansi udindo mwa kufuna kwao. Eni akewo anati anachita kubedwa. Anakakhala ku South Africa kufikira 2011, ndipo mkangano wa nkhaniyo sunathe. Kuno ku Malawi zinthu zinayenda mozondoka. Amene anakwezedwa ndege mwakachetechete, mothandizidwa ndi Amereka yemweyo, anali mtsogoleri wa oukira, ndipo amene anafuna kuwachotsa pampando anakhalapo zaka zina 29. Koma funso ndi limodzimodzi: kodi munthuyo anathawa, kapena anachita kuchotsedwa? Nanga amene anatsala m'mbuyo anaona zotani?

A Henry Masauko Chipembere anabadwa mu 1930, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican, a Habil Chipembere. Anaphunzira mpaka ku Fort Hare ku South Africa, ndipo mu 1956 analowa m'Nyumba ya Malamulo ya atsamunda pamodzi ndi a Kanyama Chiume. Anyamata awiriwa anali ndi lilime lakuthwa ndi mtima wodana ndi Chitaganya, koma anazindikira kuti mafumu ndi akuluakulu a kumidzi sangatsate munthu wa zaka makumi awiri ndi mphambu. Kunafunika munthu wa imvi. Tsono a Chipembere anayamba kulembera makalata dotolo wina wa ku Kasungu, amene anachoka kwao ali mnyamata nakhala kunja zaka zoposa 40. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Anyamata omwewo ndi amene anayenda dziko lonse kukweza dzina lao kuti anthu awaone ngati mpulumutsi, ndipo pamene atsamunda anamanga atsogoleri a Kongeresi mu Malichi 1959, a Chipembere anakhala m'ndende ya Gwelo pamodzi ndi Dotoloyo.

Mfundo imeneyi siyenera kuiwalika, pakuti amene amalemba za a Chipembere masiku ano amakonda kuwaonetsa ngati mwanawankhosa. Iwo anali munthu wolimba mtima ndi wanzeru, koma mpando umene unadzawapsinja anathandiza okha kuusema. Otsutsa chipani sankawamvera chisoni, ndipo mau ao a ukali ndiwo anawalowetsanso m'ndende kuyambira 1961 mpaka 1963.

Ufulu unafika pa 6 Julaye 1964, Dr. Banda ali Nduna Yaikulu. Sipanathe miyezi iwiri, m'nyumba munabuka moto. Nduna zinadandaula kuti Dotolo akuzitcha anyamata ake pamaso pa anthu, ndi kuti akugamula yekha zinthu za m'maunduna ao. Zinakana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Zinafuna kuti dziko lilandire thandizo limene China inalonjeza. Zinatsutsa lipoti la Skinner limene linawawa anthu akuda ogwira ntchito m'boma pa nkhani ya malipiro, zinatsutsa kuchedwa kopereka maudindo a azungu kwa Amalawi, ndiponso tiki imene wodwala aliyense anayenera kulipira pa chipatala cha boma. Madandaulowa zinawalemba pamodzi zitakumana ku Kuchawe pa phiri la Zomba kumapeto kwa Ogasiti. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Dr. Banda sanaone chinansi m'kalatayo, anaonamo chiwembu. Pa 7 Sepitembala anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo ao pogwirizana ndi anzao. A John Msonthi anachita chimodzimodzi, koma sanachedwe kubweza mau ao.

A Chipembere, amene anali Nduna ya Maphunziro, anali ku Canada ku msonkhano pamene izi zinkachitika. Atafika anakakhala pa mipando ya kumbuyo pamodzi ndi anzaowo. Pa 8 ndi 9 Sepitembala Nyumba ya Malamulo inakambirana ngati ili ndi chikhulupiriro mwa Nduna Yaikulu, ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale nduna zochotsedwazo sizinatsutse. Zinati zikadali zokhulupirika kwa mtsogoleri, kungoti zikufuna kuti azimva uphungu. Apa ndi pamene panagona kufooka kwao. Zinafuna kuchepetsa mphamvu za munthu amene izo zomwe zinaphunzitsa dziko kuti salakwa.

Kumapeto kwa mwezi umenewo ku Zomba kunali kumenyana pakati pa ogwira ntchito m'boma, amene ankakonda nduna zakale, ndi achinyamata a chipani. A Chipembere analamulidwa kuti asachoke kwao ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja. Mu Okutobala anzao ambiri anaolokera ku Tanzania ndi ku Zambia, koma iwo analowa m'nkhalango za m'mapiri a boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, nayamba kusonkhanitsa anthu.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatuluka m'nkhalangomo ndi amuna ngati 200. Analanda polisi ya pa Fort Johnston, natenga mfuti ndi zipolopolo, nakwera magalimoto kulunjika ku Zomba, kumene kunali likulu la boma. Chiyembekezo chao chinali chakuti akafika kumeneko asilikali ndi apolisi achikuda adzatembenukira kwa iwo. Koma masiku amenewo munthu wochokera ku Fort Johnston ankaoloka Shire pa Liwonde pa pantoni, chibwato chachikulu chonyamula magalimoto, ndipo usiku umenewo anapeza pantoniyo itamangidwa kutsidya. Panalibe njira ina yoolotsera magalimoto. Mbiri inawatsogolera ku Zomba, asilikali ananyamuka, ndipo oukirawo anabwerera n'kumwazikira m'tchire. Asilikaliwo anali kulamulidwa ndi azungu omwe aja amene nduna zinafuna kuti achoke msanga, ndipo azunguwo anadziwa bwino lomwe mbali imene inali kuteteza ntchito zao. Mwina pantoni ikanakhala tsidya lino zinthu sizikanasintha kwenikweni, pakuti amuna 200 si gulu logonjetsera dziko. Komabe palibe angatsimikize chimene asilikali achikuda a ku Zomba akanachita ataona a Chipembere maso ndi maso, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya pantoniyo siizilala.

Zimene zinatsatira ndizo zili pa mkangano. A Chipembere anakhalabe m'nkhalango miyezi ina iwiri, akusakidwa ngati nyama, ali ndi matenda a shuga amene safuna kuti munthu asowe mankhwala ngakhale masiku ochepa. Kupyolera mwa Bwanamkubwa Sir Glyn Jones, amene ankaimira Mfumukazi ya ku Mangalande kufikira 1966, anapempha kuti owatsatira akhululukidwe, iwo n'kuchoka m'dziko. Dr. Banda sanalole chikhululukirocho. Komabe kumapeto kwa Epulo 1965 a Chipembere anatulutsidwa m'nkhalango mobisa, nakwezedwa ndege kupita ku Salisbury, kenaka ku London, mpaka ku Amereka. Anakonza ulendowo anali akuluakulu a Britain ndi a ku ofesi ya kazembe wa Amereka, ndipo Dr. Banda ankadziwa. A Colin Baker, amene anafufuza makalata a nthawi imeneyo nalemba mabuku a mkangano wa nduna ndi a moyo wa a Chipembere, anazifotokoza mwatsatanetsatane.

Anthu wamba sanauzidwe zimenezi. Ku misonkhano ya chipani, ku Kasungu monga kwina konse, anamva kuti chigawenga chathawa chifukwa cha mantha n'kusiya anthu ake pa moto. Amai ovina pamaso pa Ngwazi anapeka nyimbo zonyoza a Chipembere ndi a Chiume, ndipo ana amene anabadwa pambuyo pake anakula akudziwa maina awiriwa ngati maina a zilombo. Ku Malindi ndi midzi yozungulira ambiri anasunga chikhulupiriro china, chakuti mtsogoleri wao wangopita kukalandira mankhwala ndipo adzabwera. Mbali zonse ziwiri zinali ndi kachoonadi kake, ndipo zonse zinabisa chinthu chachikulu: kuti kuchoka kwa a Chipembere kunakomera akuluakulu onse. Kwa Dr. Banda, mdani wamoyo ku California anali wosaopsa poyerekeza ndi mdani wophedwa ku Mangochi, amene manda ake akanasanduka mbendera ya otsutsa. Kwa Britain ndi Amereka, kunali kuzimitsa moto m'dziko limene mtsogoleri wake anakana China ndi chikomyunizimu poyera. Kwa a Chipembere eni ake, kunali kupulumutsa moyo. Kuwaweruza pa chimenechi n'kosavuta kwa munthu amene sanagonepo m'phanga akudwala. Komanso kunena kuti anachoka popanda mangawa ndi bodza, pakuti chikhululukiro chimene anapempha sichinaperekedwe.

Otsalawo ndege sinawadzere. A Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondo m'tchire, anagwidwa kumapeto kwa 1965 nanyongedwa m'ndende ya Zomba kumayambiriro kwa 1966, pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. Midzi yoganiziridwa kuti inadyetsa oukira inatenthedwa. Anthu mazanamazana anatsekeredwa popanda mlandu ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene lero kuli msasa wa othawa nkhondo a maiko ena, ndipo patapita zaka zingapo anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi anatengedwa pafupifupi mudzi wonse kupita komweko. A Yatuta Chisiza anayesanso ndi kagulu kochepa mu Okutobala 1967, naphedwa kufupi ndi Mwanza. A Orton Chirwa ndi mai Vera Chirwa anagwidwa m'dera la malire a Zambia pa 24 Disembala 1981. Bamboyo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Tsono nkhaniyi ikufika bwanji ku Kasungu? Ikufika kupyolera m'malamulo. Mkangano wa nduna utatha, m'Nyumba ya Malamulo munalibenso munthu woti angaimirire n'kufunsa funso. Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kunaloledwa. Mu 1966 kunabwera lamulo lolanda katundu wa aliyense amene boma lamuona ngati mdani, ndipo chaka chomwecho Malawi anakhala Ripabuliki ya chipani chimodzi, Dr. Banda ali Pulezidenti. Mu 1971 anakhala Pulezidenti wa muyaya. Pakati pa malamulo amenewa panadutsa lina limene silinamveke phokoso, lamulo la malo la 1965, limene linapatsa nduna mphamvu yotenga malo a mafumu n'kuwabwereketsa kwa munthu mmodzi kwa zaka zambiri. Mu Novembala chaka chomwecho azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha kuti ndi odzilamulira, maiko anakana kugula fodya wao, ndipo ogula anatembenukira ku Malawi. Msika unalipo, malo analipo, wofunsa panalibe.

M'zaka za m'ma 1970 chidikha cha Kasungu chinasandulika. Nkhalango za misuku ndi mitondo zinagwa, ndipo m'malo mwake munadzuka maesiteti a General Farming ndi Press Farming, makampani amene anali m'manja mwa Pulezidenti, ambiri oyendetsedwa ndi mamanejala ochokera ku Rhodesia. Dr. Banda ankalimbikitsa nduna, aphungu ndi akuluakulu a chipani kuti nawonso atsegule maesiteti, ndipo mabanki ankawapatsa ngongole mosavuta. Esiteti inasanduka mphotho ya kukhulupirika, ndiponso chingwe cha m'khosi, popeza wopatsa akanatha kulanda tsiku lililonse. Panali ndithu ntchito ya bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, limene linaphunzitsa alimi ena achikuda kulima fodya wootcha, koma mlimi wamba wa kumudzi lamulo la mbewu zapadera linamuletsa kulima fodya wa bale ndi wootcha, amene anali ndi mtengo wabwino ku okushoni. Iye anatsala ndi fodya wa chikopa, mtedza ndi chimanga, ndipo anayenera kugulitsa ku ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo woikidwa ndi boma. Akatswiri a zachuma Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anaonetsa mu 1982 kuti phindu limene ADMARC inkapeza pa mbewu za alimi ang'onoang'ono linkathandiza kukuza maesiteti omwewo. Mwa njira imeneyi mai wa kwa Santhe wogulitsa mtedza wake pa sikelo ankalipirira nawo mabani a bwana amene sanamuonepo.

Ogwira ntchito m'maesitetimo ambiri anali matenanti ochokera m'maboma a kummwera kumene malo anachepa, monga Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi yemwe uja. Tenanti ankapatsidwa kachigawo ka munda, feteleza ndi chimanga chodya pa ngongole, ndipo fodya wake ankagulitsa kwa mwini esiteti yekha. Ngongole ikachotsedwa, ena ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwerera kwao. Akuluakulu amene anakumbukira thangata wa m'minda ya azungu sanaone kusiyana kwenikweni, kungoti tsopano bwana anali wakuda mnzao. Kodi a Chipembere akanakhala m'boma akanaletsa zonsezi? Palibe angalumbire. Nduna za 1964 zinamenyera makamaka malipiro ndi maudindo a anthu ophunzira, ndipo ena mwa iwo mwina akanatsegula maesiteti aoao. Koma nduna zimene zinakangana ndi mtsogoleri chifukwa cha tiki ya ku chipatala zinaonetsa kuti kukangana n'kotheka, ndipo chimenechi ndicho chinatha mu 1965. Lamulo loletsa mlimi wamba kulima bale linakhala mpaka 1990, ndipo pamene linamasulidwa mau amene anamveka kwambiri anali a mabungwe akunja obwereketsa ndalama.

Kunena zoona, Kasungu analandira zake zabwino. Kumeneko kunamangidwa nyumba ya Pulezidenti ya Nguru ya Nawambe, ndipo ku Mtunthama kunatsegulidwa Kamuzu Academy mu 1981. Anthu a m'bomali ananyadira mwana wao, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ambiri anasankha kuti chipani chimodzi chipitirire. Palibe chifukwa chowanyozera pa chimenechi. Koma mphamvu zimene zinasulidwa polimbana ndi anthu a ku Mangochi sizinafunse kwao kwa munthu. Mu Meyi 1983 a Aaron Gadama, mwana wa ku Kasungu komweko ndi Nduna ya Chigawo cha Pakati, anaphedwa ku Mwanza pamodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto, ndi kuti anthuwo anali kuthawa m'dziko. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mau akuti wathawa, amene anthu a ku Kasungu anaombera m'manja mu 1965, anawamvanso patapita zaka 18 akunenedwa za m'bale wao.

A Chipembere sanaonenso dziko lao. Ataphunzira ku Los Angeles anabwera ku Tanzania mu 1966, naphunzitsa pa koleji ya Kivukoni ku Dar es Salaam, nayesa kukhazikitsa chipani cha Amalawi othawa kwao, koma othawawo sanagwirizane. Mu 1969 anabwerera ku California kukaphunzitsa pa yunivesite, ndipo matenda a shuga aja anawatenga pa 24 Sepitembala 1975, ali ndi zaka 45 zokha. Dr. Banda anagonja pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, navomereza, nakhalabe m'dziko lao, mwayi umene sanaupereke kwa anzao. Anamwalirira ku chipatala cha ku Johannesburg mu Novembala 1997, naikidwa ku Lilongwe ndi ulemu wa boma. Mai Catherine Chipembere anabwerera kumudzi, ndipo anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu wao mu 1994. Mbiri ya moyo wao imene a Chipembere anasiya asanamalize kulemba inasindikizidwa mu 2001.

Pa Liwonde pantoni inasiya ntchito pamene damu la Kamuzu Barrage linatha kumangidwa, magalimoto n'kumadutsa pamwamba pake. Okushoni ya ku Kanengo isanatsegulidwe mu 1979, mabelo a fodya wa ku Kasungu ankapita ku Limbe, ndipo msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe unkatchedwa Kamuzu Highway. Pambuyo pa 1994 zikwangwani zinasinthidwa, ndipo msewuwo tsopano ndi Masauko Chipembere Highway.